Tinsapato ta Sungeni

Sendezani chikuni icho, moto ukufa. Nkhani iyi ndi ya kwa Bembeke, kumtunda kwa Dedza, kumene nkhungu ya mu Juni ikatsika munthu saona ngakhale mbuzi imene waigwira pachingwe. Ena mwa inu munadutsako pa basi n'kugula mbatata pawindo. Nyumba ndikunenayi simungaione muli pamsewu. Ili kuseri kwa mitengo ya paini, ya njerwa zootcha, ndipo khonde lake lalitali limayang'ana kumanda.

M'nyumbamo munkakhala Nangozo ndi mwamuna wake, mzungu wa ku Ireland dzina lake Ultan Keaveney. Dzina limenelo linawakanika anthu lilime. Atamva kuti mbatata ija timati airishi inatengera dzina kwawo, anangomutcha a Kachewere, iye osakana. Anabwera ali mnyamata kudzaphunzitsa pasukulu ya mishoni, wamtali ngati nsungwi, Chichewa chake chopindika moti ana ankabisa nkhope m'madesiki. Anakwatira Nangozo, yemwe anali namwino, ndipo anabereka mwana mmodzi wamkazi, Sungeni.

Sungeni anali mwana wosakhazikika. Ankakonda kuvala nsapato za patapata za mayi ake n'kumazikhwekhwereza pakhonde, phwa, phwa, phwa, mpaka wina amukalipire. Malungo anamutenga asanayambe n'komwe sukulu. Atamuika, nyumba ija inawakulira awiriwo, ndipo chaka chisanathe analongedza n'kupita ku Ireland. Kuyambira tsiku la maliro Nangozo sanatchulenso dzina la mwanayo. Mwamuna amene kale ankamuitana kuti bambo a Sungeni anangosanduka "inu".

Kumeneko n'kumene a Kachewere anakhala mlembi wa mabuku. Ankalemba nkhani zopeka, za maiko oti sanakhaleko. Zonse zinali za mtundu umodzi wa anthu, amene chilumba chawo chinamezedwa ndi nyanja, otsalawo n'kuyamba ulendo wapansi wofunafuna dziko loti akatule katundu ndi kugona. Buku loyamba linayenda malonda, lachiwiri kuposa pamenepo. Mphunzitsi uja wa malaya ong'ambika m'zigongono anayamba kuitanidwa pawailesi, anthu n'kumaima pamzere pamvula kuti awalembere dzina lake pachikuto.

A Kachewere anali ndi kachitidwe kawo. Maina a anthu a m'mabukuwo ankakawatenga kumanda. Kwawoko manda alibe mwini, munthu amangolowa ngati m'dimba mwake, ena mpaka kudyeramo buledi. Lamulungu akatuluka m'tchalitchi a Kachewere ankazungulira paziliza akuwerenga, Nangozo atatsala pageti, manja m'khwapa.

"Akufa a kwathu amakonda kutchulidwa," ankatero iwo. "Chimene amadana nacho ndi kuiwalika."

Nangozo sankatsutsa, poti aliyense ndi akufa ake. Mabukuwo sanawawerenge. Anatsegula loyamba, napeza anthu akumira, n'kulitseka. Imfa anali ataziona zokwana, masana onse ali kusambitsa ndi kutembenuza nkhalamba kunyumba yosungira okalamba kumene ankagwira ntchito.

Mabuku asanu ndi limodzi anatuluka. Lomaliza, loti anthu aja afike kumene ankapita, linakana. A Kachewere ankakhala pamakina awo olembera kuyambira m'mawa, dzuwa n'kulowa pepala lili mbee. Chaka chinatha, chinanso, mpaka amene anayamba kuwerenga mabukuwo ali ana anabereka ana awo. Owerenga anayamba ndi kupempha, kenako kudandaula, kenako kutukwana. Mutu unayera, msana unapindika. Tsiku lina anangoti, "Nangozo, ndatopa. Tiye kwanu." Ndi momwe anabwerera kwa Bembeke, nkhalamba ziwiri ndi makina olembera, m'nyumba yomwe ija.

Miyezi yoyamba kunalibe kanthu. Zinayamba nkhungu itayamba.

Choyamba kusowa zinali nsapato za patapata za Nangozo, zatsopano, zimene anazisiya pakhonde. Anaganizira galu. Patapita masiku anazipeza pamalo pomwepo, zitaikidwa bwinobwino moyandikana, koma zitatha. Zidendene zinali zitabooka, zingwe zitamangidwa ndi luzi. Nsapato yoti wagula sabata yatha sitha choncho ngakhale utapita nayo ku Lilongwe wapansi n'kubwerera. Anazitembenuza m'manja nthawi yaitali, kenako anakaziponya kudzala osauza munthu.

Kenako chikho cha pamtsuko wa pakhonde chinayamba kupezeka pansi m'mawa, chonyowa. Geti limene ankalitseka yekha ankalipeza lotsegula pang'ono, mpata wongokwana munthu wochepa. Galu wawo, amene ankauwa ngakhale tsamba likagwa, madzulo ankagona chafufumimba pakhonde, chibwano pansi, akugwedezera mchira chinthu chimene chinali m'nkhungu.

Tsiku lina Nangozo anatsikira kumsewu kukagula tomato. Mayi wina wogulitsa mbatata, amene ankadziwana naye, anamukodola.

"Alendo anu aja anafika bwino, amayi?"

"Alendo ati?"

"Aja anadutsa dzulo chakumadzulo. Aataliatali, atafunda zinsalu zonyowa, akatundu kumsana. Nkhope sindinazione bwino ndi nkhungu ija. Moni sanapereke, koma osati mwamwano ayi. Anali ngati anthu oti mawu anawathera panjira."

"Analipo angati?"

"Sindinawerenge, mtima sunandilole. Koma kutsogolo kunali kamwana. Kathu ndithu, kakuno. Ndi kokhako kanayankhula. Kanati, zikomo amayi, kwatsala patali? Ine ndinati, patali kupita kuti mwanawe? Iko kanangoyang'ana kumtunda kwanu uko."

Nangozo anabwerera opanda tomato. Madzulo a tsiku limenelo, kusanade n'komwe, ali kusenda mbatata kukhitchini, anamva. Kunali kuyenda kwa anthu ambiri kuseri kwa nyumba, mwapang'onopang'ono, mapazi olemera osakweza pansi. Palibe ankayankhula, palibe anatsokomola. Ndipo patsogolo pa onsewo panali phokoso lina laling'ono limene iye akanalizindikira ngakhale pakati pa msika: phwa, phwa, phwa. Linazungulira nyumba, linafika pamasitepe a khonde, linaima pang'ono, kenako linapitirira. Mpeni unali utamucheka chala, iye osamva.

Mwamuna wake anali m'chipinda cholembera, chitseko chotseka. Pa chakudya sanayang'anane.

Chimene chinamutsegula maso inali foni. A Kachewere anali atasiya kuyankha mafoni a ku Ireland, ndiye tsiku limenelo anayankha ndi Nangozo. Anali mtsikana wa kukampani yosindikiza mabuku, waulemu wake, wofunsa za buku lomaliza monga ankachitira chaka ndi chaka. Pomaliza anaseka mwamanyazi.

"Pepani mayi, ili ndi funso langa chabe, si la ntchito. Ine ndinakula ndi mabuku amenewa. Inu amene mumakhala nawo, tandiuzeni, kodi Sungeni adzafika?"

Dzinalo analitchula mopotoka, koma mayi sasochera pa dzina la mwana wake.

"Mwati ndani?"

"Sungeni, kamtsikana kotsogolera anthu kaja. Kamene kamavala nsapato zazikulu."

Nangozo anaika foni pansi mtsikanayo akuyankhulabe. Anatenga chitenje n'kupita kwa mlongo wake, a Zakeyu, amene anawapeza akupalira mbatata kudimba. Anawafotokozera zonse ataima, ngati akunena za munthu wina. A Zakeyu anatsamira khasu, n'kuyang'ana kumanda kuja nthawi yaitali.

"Alamu ndi munthu wabwino," anatero, "koma apa anaphika ndiwo za eni. Dzina la womwalira timadzutsa, inde. Koma timalidzutsira pa khanda, munthu wa magazi, woti akayenda atope, akatopa agone, dzina n'kugona naye. Iwo analidzutsira papepala. Pepala limagona, chemwali?"

"Sankadziwa, achimwene."

"Moto sufunsa ngati mwana amadziwa. Ndipo enawo, a kwawo aja anawatola paziliza, nawonso ndi ana a eni. Anawadzutsa onse n'kuwaika panjira, kenako iwo n'kukhala pampando. Kawauzeni awafikitse."

Apa ndiye pamene nkhani ikundiwawa ine. Nangozo sanakawauze.

Anafika kunyumba, anaphika, anatsuka mbale. Madzulo anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi windo la kukhitchini, nyali osayatsa. Phwa, phwa, phwa. Anatseka maso. Zaka zonse zija za ku Ireland anali atayesa kukumbukira mayendedwe amenewo mpaka anazilala, ndipo lero anali panja pa khoma lake, enieni. Ndani wa inu akanathamangira kukazimitsa? Mawa lake anadzaza mtsuko mpaka pakamwa. Tsiku linalo anasiya pakhonde mbatata yootcha, yosenda kale, monga mwanayo ankaikondera. M'mawa mbatata inalipo, yosakhudzidwa. Madzi okha ndiwo ankatsika.

M'mawa wina analawirira kuposa masiku onse, ndipo anaona mwamuna wake pakhonde, atagwada movutikira ndi maondo ake aja. Ankatola tinsapato tating'ono totha n'kuikapo tatsopano, tofiira, tochokera m'thumba la jekete. Anatiyandikanitsa bwino. Nangozo anabwerera kuchipinda mwakachetechete. Choncho onse awiri ankadziwa, aliyense akubisira mnzake, ngati ana awiri amene akuba shuga m'chitini chimodzi.

Nyengo yozizira inapita choncho. Awiriwo anaonda. Tulo sankagona tokwanira, chakudya chinkabwerera kukhitchini. Anthu a m'mudzi anasiya kudutsa njira ya kumpanda kwawo dzuwa likapendeka, ndipo ana a sukulu ankazungulira kutali. Mayendedwe aja nawo anasintha. Poyamba ankazungulira nyumba kamodzi n'kupita. Tsopano ankachedwa, ndipo phwa, phwa uja anayamba kudukiza, ngati phazi limodzi likukana.

Tsiku limene Nangozo anafika pakhonde mwamuna wake asanadzuke, anatola tinsapato tija yekha. Tinali totha monga mwa masiku onse, todzaza dothi lofiira. Koma pa kamodzi, pamene pamakhala chidendene, panali banga lakuda, lonyowa. Iye anali namwino, sanafunikire kufunsa kuti n'chiyani. Anakhala pansi pa simenti yozizira ija, kansapato pamiyendo. Manyazi amene anamugwira anali oposa chisoni. Mwana wake ankayenda ndi zilonda kuti mayi ake amve phokoso.

Analowa m'chipinda cholembera osagogoda, n'kuika kansapatoko pamwamba pa makina.

A Kachewere anakayang'ana, nkhope yawo n'kugwa. "Unadziwa liti?"

"Kalekale. Inenso ndine wakuba ngati inu, musaope."

"Sindinafune choipa, Nangozo. Iwe unasiya kumutchula. M'nyumba monse munalibe malo ake. Ndinamuika m'buku kuti akhale penapake."

"Ndamva. Koma taonani phazi lake."

A Kachewere anayang'ananso kansapato kaja. Atayankhula, Chichewa chawo chinali chopindika kuposa kale. "Ndikawafikitsa, agona. Akagona, sitidzamumvanso. Tinamuika kamodzi. Ine mphamvu zomuika kachiwiri ndilibe."

"Inenso ndilibe. Koma iye ndi mwana, ife ndife akulu."

"Ndipo mathero sindiwadziwa. Ukuganiza kuti sindinayese? Ndinawamangira mizinda, ndinawaolotsa mitsinje, zonse zinatuluka zabodza. Sindidziwa kumene anthu otopa chotero angafike."

Nangozo anakoka mpando n'kukhala pambali pawo. "Simudziwa chifukwa madzulo inu munkakhala mukuchonga makope a ana a eni. Womugoneka ndinali ine. Ikani pepala."

Asanayambe, anatuluka. Anatenthetsa madzi, anawathira m'beseni, n'kuliika pakhonde pamodzi ndi sopo, kansalu ndi botolo la mafuta odzola. Pambali pake anaika tinsapato tatsopano tomaliza ta m'thumba la jekete lija. Geti analitsegula lonse. Nkhungu inali itayamba kale kutsika m'mitengo ya paini, ngakhale dzuwa linali lisanalowe.

Kenako anayamba kunena, mwamuna wake akutembenuzira m'Chingerezi ndi kumenya makina ndi zala ziwiri. Sananene za mzinda kapena za nkhondo. Anati anthu aja afika pakhomo pa nyumba wamba, madzulo, ndipo atulukira mayi. Mayiyo sawafunsa kumene achokera. Awauza kuti tulani, malo alipo, udzu ndi wouma.

Kunja mapazi aja anali atafika. Anazungulira kuseri, anadutsa pawindo la chipindacho. Makina anaima.

"Musaime," anatero Nangozo. "Lembani kuti mayiyo agwada, amuvula mwana nsapato."

Phwa, phwa. Pamasitepe. Ulendo uno sanapitirire.

"Amuika mapazi m'madzi ofunda. Ayamba ndi lamanzere, chifukwa ndi limene amakana nalo, amati limamunyerenyesa. Atsuka pakati pa zala. Apukuta. Adzoza mafuta m'ming'alu, pang'onopang'ono, osafulumira."

Kuseri kwa khoma kunamveka ngati anthu akutula mitolo pansi, wina pambuyo pa mnzake, ndi mpweya wautali umene munthu amatulutsa akakhala pansi atayenda tsiku lonse. Galu analira pang'ono kukhosi. Kenako, pakhonde, madzi anagwedezeka m'beseni.

A Kachewere ananyamuka theka, maso ali kuchitseko. Nangozo anawagwira dzanja mwamphamvu. Iyenso thupi lonse linkamukokera komweko, masitepe ochepa chabe, chitseko chimodzi. Koma ankadziwa mwana wake. Sungeni akaona nkhope ya mayi ake tulo tinkamuthawa, ankafuna kucheza.

"Khalani pansi. Akationa sagona."

Anakhala. Misozi inkagwera pamakina, zilembo zina osazionanso.

"Amunyamula, amugoneka pamphasa, amufunditsa chitenje mpaka m'khosi. Mwana afunsa kuti, amayi, kwatsala patali?" Apa dzina limene linakhala m'kamwa mwa Nangozo zaka zonse zija linatuluka. "Mayiyo ati, ayi Sungeni, wafika. Gona."

Makina anagogoda kamodzi komaliza. Awiriwo anakhala mumdima umene unali kulowa, akumvetsera. Kunali mphepo m'mitengo ya paini, ndi madontho a nkhungu ogwa kuchokera pamalata. China chilichonse kunalibe.

Bukulo linatuluka chaka chotsatira. Akuti ena mwa owerenga anakwiya, amvekere tadikira zaka zonsezi kuti tione mayi akutsuka mwana mapazi? Mlomo wa munthu sukhuta. A Kachewere sanalembenso buku lina, ndipo kumanda sanapondekonso kufikira tsiku limene anawanyamula kupita nawo. Koma chimene ndifuna mupite nacho kokagona ndi cha m'mawa wotsatira madzulo aja.

Nangozo anatsegula chitseko kutangoyera. Nkhungu inali itachoka, phiri likuoneka lonse. Pabwalo udzu unali utagonagona malo ambiri, ngati pamene pagona ng'ombe. Madzi a m'beseni anali ofiira ndi dothi, kansalu kali konyowa, botolo la mafuta lili lotsegula. Tinsapato tija tinali pomwe anatisiya, tatsopano, mame ali pamwamba, topanda ndi fumbi lomwe.

Anaima akumvetsera, ngakhale ankadziwa kuti palibe choti amve. Kenako anatola tinsapatoto n'kutigwira pachifuwa, natembenukira m'nyumba.

"Bambo a Sungeni," anaitana, "dzukani. Pitani mukawauze achimwene aitane abale. Mwana wagona, tsopano tilire."